Njanji Yadutsa Pabalaza Panga

Lachiwiri lapitali ndinauzidwa kuti sitima ya mumzinda, ija takhala tikuimva pa wailesi chaka ndi chaka, idzadutsa pabalaza pa nyumba yanga. Idzalowera pa zenera la kumadzulo n'kutulukira pamene ndimafuna kuika kabati ya mbale.

Sindikuseka ayi. Zalembedwa m'buku la Boma, ndipo ndinaona ndi maso angawa zikulembedwa.

Kwa inu amene mwayamba kumene kuwerenga tsamba lino, ine ndine mphunzitsi wa pulaimale kuno ku mbali ya Palabana. Kwathu ndi ku Katete, koma ndinakwatira kuno, ndipo ndinapatsidwa malo ndi banja la mkazi wanga Esinati. Mwachidule, ndine mkamwini. Mawu amenewo muwasunge, muwafuna kutsogoloku.

Nyumba ndikunenayi ndinaimanga ndi njerwa zootcha, koma zomatira dothi, pakuti za simenti mukuzidziwa nokha. Makoma anafika pamwamba zaka ziwiri zapitazo. Denga ndiye linakanika, chifukwa malata anasowa m'masitolo monga anasowera sopo ndi mafuta ophikira. Mwezi wathawu mnzanga wina wa ku Kasisi, amene msuweni wake amasesa m'sitolo ina ku tauni, anandipezera malata. Ndinawalowetsa m'kanyumba ka sukulu kamene tikukhalamo, ndipo timagona nawo chipinda chimodzi ngati ana athu. Kalipentala anavomera kubwera Loweruka. Ndinali pachangu, chifukwa makoma omatira dothi apirira kale dzinja kawiri, ndipo khoma la kum'mwera layamba mng'alu. Mvula ya chaka chino ikawapeza opanda denga, nyumbayo ndidzaiola ndi fosholo.

Nanga sitima yalowa bwanji m'nyumba yopanda denga? Tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo kunabwera Landirova ili ndi azungu awiri a zipewa zazikulu ndi anthu athu angapo. Anayenda m'minda masiku atatu, akusuzumira m'kachipangizo ka miyendo itatu, n'kumakhoma zikhomo zachitsulo zopaka utoto wofiira, chilichonse ndi nambala yake. Kenako Ba Cheyamani a nthambi yathu ya Chipani anatiitana pabwalo la sukulu. Anati Boma lapeza abwenzi akunja oti amange sitima yonyamula anthu kuchokera m'makomboni kupita pakati pa mzinda wa Lusaka, ndipo mphanda imodzi ya njanjiyo idzafika kwathu kuno kudzatenga mkaka, tomato ndi ife tomwe.

Tinaomba m'manja. Ine ndinaomba kuposa onse, ndipo manyazi ndilibe. Ndikudziwa kuima pamsewu kuyambira dzuwa likutuluka mpaka litafika paliwombo, basi n'kubwera yodzaza, kondakitala akungokugwedezera dzanja ngati wachibale. Ndaonapo amayi akubwerera kunyumba ndi madengu a tomato wophwanyika chifukwa chosowa chokwera. Sitima timaifunadi, ndipo tikuifunabe.

Koma Ba Cheyamani anaika lamulo. Pamene pali chikhomo, munthu asalimepo, asamangepo, ndipo chikhomocho asachikhudze.

"Wogwira chikhomo wagwira Chipani," anatero, akutiyang'ana mmodzimmodzi.

Chikhomo nambala 47 chinagwera m'munda wa apongozi anga, Amake Esinati, mayi wamasiye wosakonda zolankhulalankhula. Sichinagwere pena paliponse ayi, koma pachulu penipeni, pamene chimanga chinkabereka ziwiriziwiri popanda feteleza. Mayiwo anamvera lamulo. Chaka chimenecho pachulu sanalimepo. Chaka chinacho sanalimepo. Mpaka sabata yathayi panali pasanagwe khasu, pamene mayi yemweyo amakaima pamzera wa ufa ku Chongwe kuyembekeza thumba limodzi. Nkhani imeneyi yakhala ikundiwawa mumtima nthawi yonseyi.

Sitima sinabwere. Koma zikhomo, abale anga, zinayamba kuyenda.

Inayambitsa ndi mbuzi. Apongozi ali ndi mbuzi yaikazi yamawanga, yamakani kwambiri. Zikhomo zamtengo zomangirira mbuzi chiswe chimadya, ndiye mayiwo ataona chitsulo cholimba chitaima pakati pa msipu wosalimidwa, anangomangirirapo chingwe. Chikhomo sanachigwire, anagwira chingwe. Tsiku lina mbuzi inakoka mpaka chitsulo chinazuka. Kodi munthu womvera malamulo angasiye katundu wa Boma ali gone pansi? Anachikhomanso. Kungoti anachikhoma chapatsogolo pang'ono, pamene udzu unali usanadyedwe.

Ena nawonso anaphunzira. Kutamveka mphekesera yoti njanji idzalanda minda popanda chipukutamisozi, zikhomo zinatuluka m'minda ya eni ake n'kukalowa m'minda ya anansi awo. Kutamvekanso kuti pamene pali chikhomo mpamene padzakhale siteshoni ndi msika, zinabwerera mothamanga, ndipo panali khomo lina limene linali ndi zitatu. China chikutchinga chitseko cha khola la ng'ombe la ku Nkomeshya uko. China, ndiulule pano, ndi chimene timamenyera belu la sukulu yathu. Chimalira bwino kwambiri.

Nambala 47 inayenda ndi mbuzi yake pang'onopang'ono, kutsika chulu, kudutsa njira ya kuchitsime, kuzungulira nkhokwe. Mwezi uno wa Okutobala, kunja konse kutauma gwa, malo amodzi okha ndiwo anatsala ndi udzu wobiriwira: m'kati mwa nyumba yanga, momwe makoma amachita mthunzi. Mmawa wina ndinakapeza mbuzi ili pabalaza, chikhomo chofiira chili pakatikati.

Mufunsa kuti, bwanji sunawauze apongoziwo achotse? Inu a m'tauni mumaiwala msanga. Mkamwini salankhula ndi apongozi ake aakazi maso ndi maso. Tikakumana panjira, ine ndimapatukira kutchire, ngakhale mukhale chitedze. Mawu athu onse amadzera mwa Esinati. Ndinatumiza dandaulo langa, ndipo yankho linabwera madzulo omwewo.

"Amayi bakuti mbuzi ikutchetcherani udzu mahala. Bakuti muyamike."

Ndinayamika.

Tsono Lachiwiri ndili m'kalasi ndinamva kulira kwa galimoto. Inali Landirova, mwina yomwe ija, koma tsopano yomangidwa chitseko ndi waya. Munatuluka bambo mmodzi woonda, wa tayi yofumbira, amene anati dzina lake ndi Mwansa, woyeza malo wochokera ku ofesi ina ya mapulani ku tauni. Ba Cheyamani anavala jekete n'kumuperekeza. Ine anandiitana kuti ndikhale mboni, poti ndine wophunzira wa m'dera lino. Anthu anatitsatira ambiri, ndipo apongozi anali m'gululo, chakumbuyo.

Titayamba kuyenda ndinafunsa kuti mapu ali kuti.

"Mapu kulibe, Ba Ticha," anatero Ba Mwansa. "Bazungu baja ndalama zitasila banapita nayo kwao. Ati ni yao mpaka tikabalipire. Ise ku ofesi tinasala chabe na manambala ya mapegi."

"Nanga manje muzachita bwanji?"

"Kwapezeka mabwenzi yena ofuna kuthandiza. Koma bafuna kuona mapu. So banituma nipeze mapegi yonse pamene yalili, nijambule mapu yatsopano kuchokera pamenepo."

Mwamva? Poyamba zikhomo zinkatsata mapu. Tsopano mapu akutsata zikhomo. Ndipo zikhomo, monga mukudziwa inu ndi ine, zimatsata mbuzi.

Tinapeza 44 kuseri kwa tchalitchi. Tinapeza 45 ndi 46 zitaima pamodzi pakhomo pa munthu wina amene mwadzidzidzi anakumbukira kuti ali ndi maliro kutali. Ba Mwansa amangolemba, thukuta lili kamukamu, nthawi zina n'kuyang'ana kumbuyo kumene tachokera ngati munthu amene wataya kanthu. Kenako anafunsa za 47, ndipo khamu lonse linatembenukira ku nyumba yanga.

Tinalowa pakhomo lopanda chitseko. Mbuzi inatiyang'ana ikutafuna. Ba Mwansa anayang'ana chikhomo, anayang'ana makoma, anayang'ananso chikhomo.

"Iyi nyumba ni ya ndani?"

"Ni yanga."

"Munamanga pa njanji, Ba Ticha?"

Ndisanayankhe, Ba Cheyamani anakonza kukhosi. "Kapena pali munthu anasuntha pegi ya Boma. Ngati alipo, tifuna timudziwe lero. Dzina lake lizapita ku boma pamodzi na lipoti."

Nonse mukudziwa tanthauzo la dzina lopita ku boma masiku ano. Mayi wamasiye wotchedwa wosokoneza chitukuko, ndani adzamugulitse ufa? Ndani adzamulembe pa feteleza?

Ba Mwansa anatsegula buku lake n'kunditembenukira. "Imwe ndimwe bophunzira, simunganiname. Niuzeni chabe. Iyi pegi, pamalo pake ni pano?"

Taganizani mmene zinalili. Ndikanena zoona, chikhomo chibwerera pachulu, munda ugonanso chaka chachisanu ndi chiwiri, ndipo dzina la apongozi likwera Landirova. Ndikakhala chete, njanji ndi yanga, ndipo malata aja apitiriza kugona nafe. Kuyang'ana apongozi kuti ndione nkhope yawo sindikanatha, mwambo sulola. Ndinangomva kutsokomola kumodzi kuchokera kuseri kwa khoma, kutsokomola kouma kwa munthu amene alibe chifuwa.

Akuluakulu anati mkamwini asamakule mwendo. Wanga unachepa pomwepo.

"Ine lero m'mawa nachipeza pamene apa," ndinatero.

Bodza sindinaname. Koma choko chimene chinali m'thumba mwanga ndinachipeza chitathyoka patatu.

Ba Mwansa analemba. Ba Cheyamani analamula kuti panyumbapo pasakhomedwe ngakhale msomali umodzi mpaka sitima itadutsa. Apo mpamene mawu a apongozi anamveka, akulankhula ndi mlendoyo, osati ine.

"Atate, nanga paja pachulu, njanji ipitapo?"

Ba Mwansa anayang'ana kumene ankaloza. "Kuja? Iyayi mayo, kuja ni kutali maningi. Limani."

Mayiwo anangotembenuka n'kulunjika kunyumba kwawo, ndipo tisanamalize n'komwe kutsanzikana tinawaona akudutsa ndi khasu paphewa.

Mlendo sapita ndi ludzu, ngakhale amene wakugwetsera nyumba. Esinati anatulutsa munkoyo, ndipo tinakhala pansi pa mtengo wa mango ine ndi Ba Mwansa. Munthuyo si woipa. Ndi wotopa chabe. Anandifotokozera mmene sitima yathu yayendera m'maofesi zaka zonsezi, ndipo ndinaona kuti yayenda mtunda wautali kuposa mbuzi.

Ofesi yoyamba imati njanji ikangotuluka m'malire a mzinda si yawonso. Ofesi yachiwiri imati iwo amadziwa za njanji zazikulu zonyamula kopa, mkuwa wa ku migodi uja, za timasitima ta anthu opita kuntchito afunseni a mzinda. Ofesi yachitatu, yosunga thumba, imati ndalama zakunja kulibe, bwerani mtengo wa kopa ukakwera. Abwenzi akunja akafuna kuthandiza, amayamba atumiza akatswiri awo kudzafufuza ngati sitima ikufunikadi. Akatswiriwo amagona kuhotela, amayenda pa galimoto, amalemba buku lonenepa lonena kuti inde ikufunika, ndipo pofika tsamba lomaliza thumba la abwenziwo lapepuka. Abwenzi atsopano sakhulupirira buku la abwenzi akale, ndiye amatumiza akatswiri awoawo. Pakali pano, kumene njanji inayenera kudutsa m'tauni anthu anamangako kale nyumba, misika ndi tchalitchi ziwiri.

"Komiti ilipo," anatero Ba Mwansa. "Imakumana mwezi uliwonse. Chakudya chamasana chimakhala bwino."

Paja amati mbuzi imadya pamene aimangirira. Ine ndinkayesa amanena za mbuzi.

Pano ndiyenera kusamala, chifukwa akonzi a nyuzipepala ino ali ndi ana oti alere, ndipo inenso khadi langa la Chipani ndinadula, lili m'thumba muno pamodzi ndi choko chothyoka chija. Sindikutsutsa chitukuko. Ndikungofunsa ngati mwana wa sukulu wokweza dzanja. Ndani anawerengapo zimene munthu wamba amataya poyembekeza pulani? Akulu a m'maofesi pulani ikachedwa amangoisuntha kuchoka mu kabati iyi kupita mu kabati iyo, malipiro awo osachedwa ngakhale tsiku limodzi. Koma kuno pulani ndi chitsulo chokhomedwa m'munda wa munthu. Chimaletsa khasu. Chimaletsa denga. Amene anachikhoma anakwera ndege kalekale, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zobwera kudzatiuza kuti, anthuni, ndalama zavuta, yambani mwalima, tikakonzeka tidzakuuzani. Mawu ochepa ngati amenewo safuna ndalama zakunja.

Ifenso tisadziyeretse. Timaomba m'manja pamsonkhano, kenako n'kukasuntha chikhomo mwakachetechete. Palibe amene amaimirira n'kunena kuti lamulo ili likutipweteka. Timaopa. Ndiye Boma limanamizira kuti likumanga, ife timanamizira kuti tikumvera, ndipo pepala limene lipite kwa abwenzi akunja lidzaonetsa njanji yokhota kuseri kwa tchalitchi, yobwerera m'mbuyo pa khola la ng'ombe, n'kudzalowa m'nyumba ya mphunzitsi. Akatswiri akadzaliona adzati dziko la kuno lili ndi mapiri ambiri.

Pokwera galimoto yake, Ba Mwansa anandigwira dzanja nthawi yaitali. Anayang'ana mbuzi ija, imene inali itasuzumira pazenera, kenako anayang'ana ine.

"Ba Ticha, ine nalemba zamene naona. Aya mapu yanga nayo yazasowa, niziba. Uja azabwera pambuyo panga azalemba zamene azaona."

Galimoto inakana kulira mpaka tinaikankha.

Lachitatu ndi Lachinayi apongozi anali pachulu kuyambira m'mawa. Lachisanu kumpoto kunayamba kuda, ndipo mphepo inanunkhira mvula. Loweruka kalipentala anabwera ndi sowo yake, ine n'kumubweza. Ndinakhala pa njerwa pakhomo pa nyumba yanga yopanda denga, ndikuyang'ana mng'alu uja, ndipo ndikuuzeni zoona, misozi inali pafupi. Zaka zanga zonse za choko zili m'makoma amenewo.

Ndili chikhalire choncho ndinamva mapazi. Anali apongozi, ali okha, opanda Esinati. Ndinadzambatuka kuti ndithawire kuseri, koma iwo analowa pabalaza ngati sanandione, n'kundifulatira. Anawerama, namasula mfundo ya chingwe, naimanganso bwinobwino. Kenako anayamba kulankhula ndi mbuzi.

"Iwe, udzu wasila muno. Uyambe kuyenda. Kuseri kwa golosale ya Ba Cheyamani kuli msipu wabwino, madzi ya pa mpope yamapita kuja." Anaisisita pamsana. "Ndipo ukabaona Ba Ticha, ubauze kuti chimanga choyamba cha pachulu ni chawo. Ubauze kuti namvera zamene banachita."

Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala pamudzi pano, ndipo amenewo ndiwo mawu oyamba amene mayiwo anandilankhula popanda kudzera mwa mwana wawo. Anadzera mwa mbuzi, inde, koma ndinawalandira ndi manja awiri.

Mbuziyo ndi yamphamvu, ndipo dothi la pabalaza ndi lofewa. Ine chikhomo sindinachigwire. Wogwira chikhomo wagwira Chipani. Ndinangobwereka apongozi hamala yanga kudzera mwa Esinati, poti munthu womvera malamulo sangasiye katundu wa Boma ali gone pansi.

Pamene ndikulemba pano, njanji yatuluka pabalaza, yadutsa pakhonde, ndipo yafika pa mtengo wa mango. Kalipentala ndamuuza abwerenso Loweruka likubwerali. Mitambo ikandichitira chifundo masiku asanu okha, denga likwera. Za Ba Cheyamani musade nkhawa kuti awerenga izi. Nyuzipepala amagula ndithu, koma amapichirira fodya.

Tsono inu akulu a m'maofesi atatu aja, ngati tsiku lina ndalama zidzapezekadi, musadzavutike kuitana akatswiri ochokera kutali. Katswiri amene wayenda ndi njanji imeneyi kuyambira pachiyambi, osaphonya ngakhale tsiku limodzi, ali kuno, ndipo hotela safuna. Funso langa ndi limodzi lokha: pa zaka zisanu ndi chimodzi zimenezi, ndani wasuntha njanji ya mumzinda ngakhale phazi limodzi, inu kapena mbuzi ya apongozi anga?